Wophika Tiyi Osamwa

"Wophika amalawa, Modesta. Kuyambira makedzana wophika amalawa. Nanga tiyi wako ali ndi chiyani kuti tizimwa ife tokha?"

Anjelina ankalankhula ataima pakhomo, mwana wake Lonjezo ali kumsana, thupi likutentha ngati mbaula. Unali m'mawa, ndipo pamdadada uja wa nyumba za lendi ku Makata, mu Ndirande, munthu ukakweza mawu ndiye kuti wauza makomo onse.

Modesta anali atagwada pambaula akuthira tiyi m'makapu. Kapu yake anali ataiika pambali, muli madzi otentha ndi shuga pang'ono.

"Anti, ndinafotokoza kale. Kumpingo kwathu sitimwa tiyi, khofi ndi mowa, ndiponso sitisuta fodya. Ndinalonjeza tsiku limene ndinabatizidwa. Nkhani yake ndi yomweyo basi."

"Za mowa ndi fodya tamva. Koma tiyi? Tiyi anapha ndani? Chabwino, nanga nkhuku ija? Unaipha wekha, kusosola wekha, kukazinga wekha. Ife tikunyambita zala, iwe uli kuchipinda kukamwa kuli gwa! Nkhukunso ndi yoletsedwa?"

"Linali Lamulungu loyamba la mwezi, Anti. Timasala kudya."

"Mumasala! Ndipo m'mawa mwake mwana wanga anayamba kutentha thupi. Utsi sufuka popanda moto, mtsikana iwe."

A Ambrosi, malume ake a Modesta, anatuluka m'nyumba akumanga mabatani a ovolosi. Anali kalipentala ku Chirimba, munthu wosachuluka mawu, woti akapsa mtima amangokanda m'mutu.

"Mayi a Lonjezo, tsitsani mawu. Anthu akumva."

"Amve! Akazi anzanga kumpopi akundifunsa kuti mukusunga chiyani m'nyumbamo. Ati a Momoni amenewa ali ndi buku lawo lapadera, amapemphera m'nyumba yopanda mtanda, ndipo pamgonero samwa vinyo. Ine ndiyankhe chiyani?"

"Timamwa madzi, Anti. Madzi a pampopi enieni. Tiyeni Lamulungu mukaone nokha."

"Ine? Ndikaponde kumeneko ine? Mayo!"

A Ambrosi anakhala pampando wa ndalema n'kunyamula kapu yawo. Anaiuzira, kenako n'kumuyang'ana mwana wa mlongo wawoyo.

"Modesta, agogo ako anachoka ku Mozambique wapansi, katundu ali pamutu, kudzathyola tiyi ku Thyolo. Ine ndi mayi ako tinakulira m'mizere ya tiyi, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno. Tiyi anatigulira yunifolomu. Tiyi anagula nsalu imene tinawaikira agogo ako m'manda. Lero anthu ovala mataye akuuza kuti tiyi ndi tchimo, iwe n'kuvomera?"

"Sindikunyoza agogo, Malume."

"Ndamva. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Uganize bwino."

Anamwa tiyi wawo n'kunyamuka kukakwera minibasi.

Chinali chaka cha 1999, matipate atazika mizu. Mipingo inkaphuka ngati bowa, ndipo mphekesera zinkaphuka kuposa mipingoyo. Munthu akagula galimoto, ankati ndi wa sataniki. Akamanga nyumba ya malata atsopano, ankati wapereka mwana. Nanga mtsikana wokana tiyi mu Ndirande, kumene ngakhale wosauka wotheratu amayesetsa kuwiritsa masamba a dzulo kuti pakhomo pamveke kafungo? Ameneyo ankasowa pobisala.

Modesta anali m'chaka chomaliza pakoleji ina ya zamalonda m'tauni, ndipo mayeso anali atayandikira. Mayi ake anali kumudzi ku Thyolo. M'Blantyre yense analibe khomo lina lolowa koma la malume akewa. Mlungu wonse ankakhala mtima uli m'mwamba: kukoleji anzake ankamuseka kuti Sisita Madzi, kunyumba Anti ankamuwerenga mapazi. Malo amodzi okha amene ankapumirako mpweya wonse anali kutchalitchi Lamulungu. Akachoka kumeneko ankabwera wopepuka, mpaka kumaimba potsuka mbale, ndipo kuimba komweko Anjelina ankakuona ngati umboni wina.

Lonjezo sanapeze bwino. Panado analephera, fansida wa pagolosale analephera. Mwana amene ankathamangitsa nkhuku za eni pamdadada ponse anangoti lefuu, maso atayera. Mlungu wachitatu anakomoka, ndipo anathamangira naye kuchipatala cha Gulupu, kumene anamugoneka. Adokotala anati ndi malungo aakulu, magazinso achepa.

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, Modesta anabwera kuchokera kukoleji n'kupeza amayi a pamdadada ataima m'makomo mwawo, manja ali m'chiuno. Anjelina anali atabwera kudzasamba, atasiya mchemwali wake kuchipatala. A Ambrosi anali pampando wawo uja akukanda m'mutu. Pakati pa bwalo panali mbaula yoyaka kale, ketulo ili pambali.

"Mwana ali bwanji, Anti?"

"Ukundifunsa ine? Dzifunse wekha."

"Mayi a Lonjezo," anatero a Ambrosi motsitsa.

"Ayi, bambo a Lonjezo, lero ndilankhula. Ndapita kuphiri kwa mneneri. Wandiuza poyera kuti mdani ali m'nyumba momwemo, amaphika koma salawa."

Zoti Anjelina ndiye anayamba kumufotokozera mneneriyo za tiyi ndi nkhuku asanatseke n'komwe maso kupemphera, zimenezo sanazinene. Aneneri a kuphiri amaona patali ndithu, makamaka ukawalozera.

"Anti, Lonjezo ndi mchimwene wanga. Ndimamusambitsa ine, ndimagona naye ine mukapita kumaliro. Ndingamuchite chiyani?"

"Magazi a mwana wanga apita kuti? Adokotala ati achepa. Apita kuti?"

"Ndi malungo, Anti. Malungo amatero."

"Tamumvani! Sukulu imeneyo."

A Ambrosi anadzutsa mutu. Maso awo anali ofiira, ndipo Modesta anaona kuti munthuyu sanagone masiku angapo.

"Modesta, ine sindinanene kuti ndiwe mfiti. Koma mwana wanga akufa, ndipo pakhomo panga anthu akuloza zala. Tithetse nkhaniyi lero. Ketulo iyo, masamba awo. Uphike tiyi wekha monga umachitira, umwe wekha anthu onsewa akuona. Ukamwa, ndidziwa kuti ndiwe wathu, ukhala pano mpaka umalize mayeso ako. Ukakana, mawa ukwere basi ya ku Thyolo."

"Malume, ndinalonjeza kwa Mulungu."

"Inenso ndinalonjeza kwa mayi ako kuti ndikuphunzitsa. Usandichititse manyazi. Ndi kapu imodzi yokha."

Modesta anayang'ana makomo aja mmodzimmodzi. Panalibe nkhope imene inamuthandiza. Ngakhale Mayi Mwantumu, oyandikana nawo khomo, amene ankamupatsa mandasi otsala, anali atazolika akutokosa mbaula yawo. Anaganiza za zaka zonse zokwera minibasi m'bandakucha, za mayi ake amene ankauza mudzi wonse kuti mwana wawo adzagwira ntchito mu ofesi. Akapita ku Thyolo, mayeso ndiye kuti apita.

Anagwada n'kuika ketulo pamoto. Madzi anachedwa kuwira, abale, ngati akudziwa. Atawira anathira masamba, kusefa, kuika shuga n'kutakasa.

Anamwa.

Chimene chinamupweteka koposa n'chakuti tiyiyo ankakoma. Lilime linamukumbukira msanga ngati mnzake wakale, ndipo misozi inayamba kugwera m'kapu momwemo. Anamaliza yense n'kutembenuza kapu kuti aone.

"Basi yatha," anatero a Ambrosi akuusa moyo. "Aliyense kwawo."

Anjelina analowa m'nyumba. Anatenga kontena ya phala n'kubwerera kuchipatala.

M'mawa mwake Modesta akusesa pabwalo, Mayi Mwantumu anamukodola. Anali akukazinga mandasi okagulitsa kumsika, mpango uli kumutu.

"Mwanawe, bwera kuno. Dzulo wadzikola wekha."

"Bwanji, amayi? Si ndamwa?"

"Wamwa, inde. Tsono tamvera. Mwana uja akamwalira, adzati unamwa mochedwa, unali utamudya kale. Akachira, adzati waona, atangomwa tiyi wamumasula. Uku kuli moto, uku kuli phompho. Ukanakana, bwenzi ukanangokhala mwana wamakani. Pano wavomera mlandu."

Tsache linagwa m'manja mwa Modesta.

"Koma inu mukudziwa kuti ndilibe mlandu."

"Ndikudziwa. Ine mwezi wa Ramadani ndimaphikira ana masana onse osalawa ngakhale mchere. Alipo anandinenapo ufiti? Palibe, chifukwa Asilamu tilipo ambiri, anthu anatizolowera. Inu mulipo angati m'Blantyre muno? Mlandu wako ndi umenewo, kuchepa."

"Nanga bwanji simunanene dzulo?"

Mayi Mwantumu anatembenuza mandasi amene sanafunike kutembenuza.

"Ndili ndi ana anga, ndili ndi geni yanga. Ndikanatsegula pakamwa akanati tili gulu limodzi, mandasi anga ndani akanagulanso? Ndinachita mantha, mwanawe. Tenga awiri awa udye."

Masiku awiri otsatirawo Modesta sanawerenge tsamba ndi limodzi lomwe. Ankatsegula buku, zilembo n'kumangoyandama. Munthu akagogoda pakhomo ankadzidzimuka, osadziwa kuti uthenga umene akuuopa ndi uti.

Lamulungu linafika, loyamba la mwezi watsopano. A Ambrosi analawirira kuchipatala. Sanamuletse kupita kutchalitchi, poti kwa iwo nkhani ya mpingo inathera m'kapu muja. Modesta anavala siketi yake yakuda, natuluka osadya kanthu, anthu a pamdadada akumuperekeza ndi maso.

Mpingowo unkasonkhana m'nyumba ya lendi kufupi ndi tauni. Munali mipando ya pulasitiki, kiyibodi yaing'ono, ndi tebulo lofunditsidwa nsalu yoyera. Anthu ake ukanatha kuwakweza m'maminibasi awiri. Pakhonde anakumana ndi Sisita Phoebe, mayi wa ku Chitawira wosoka zovala, wonenepa ndi woseka mokweza, amene anamugwira dzanja tsiku la ubatizo wake.

"Iwe, nkhope imeneyi wakaitenga kuti? Wadwala?"

Modesta anawakokera kuseri kwa nyumba n'kuwafotokozera zonse, mawu akuduka.

"Ndaswa lonjezo, Sisita. Sindikudziwa ngati ndili woyenera kulowa."

"Unamwa chifukwa cha nkhuli?"

"Ayi."

"Ndiye pukuta m'maso. Mulungu si kondakitala woti akutsitse panjira chifukwa cha kapu imodzi. Ukawafotokozere a pulezidenti a mpingo wathu tikaweruka, uona kuti akuuza zomwezi. Tiye tilowe."

"Pali china. Lero timasala ndi cholinga. Ine ndipemphe chiyani? Lonjezo akachira, Ndirande yense adzati ndine mfiti."

Sisita Phoebe anasiya kuseka.

"Limenelo sindingakuyankhire, mwana wanga. Kafunse mkatimo."

Anaimba nyimbo yotsegulira m'Chingerezi, aliyense ndi katchulidwe kake, mkulu wina wa ku Bangwe akutsalira m'mbuyo mzere wathunthu monga mwa masiku onse. Kenako anavundukula nsalu yoyera ija, ananyema buledi, napemphera atagwada. M'chipindamo munagwa bata. Bata limenelo ndi limene Modesta ankalifuna mlungu wonse, poti ku Makata kulibe: kumeneko ngati si wailesi ndi chigayo, ngati si chigayo ndi ndewu. Muno munkangomveka timakapu ta madzi tikugundana m'thireyi.

Koma lero batalo linamuvula. Atatseka maso anapeza kanthu kobisala pansi pa mtima wake, ndipo anachita nako mantha kuposa mmene anaopera Anti. Kanali kapemphero kakang'ono konyansa: achire, koma asachire msanga. Adikire mayeso athe. Achire pang'onopang'ono, kuti anthu asalumikize ndi tiyi uja.

Anagwira pakamwa. Kodi iye, Modesta, ankafuna mwana wa zaka zitatu apitirize kubayidwa majakisoni kuti dzina lake liyere? Ndiye ankasiyana pati ndi chimene ankamunenacho? Anakumbukira timanja ta Lonjezo tikumukoka siketi, kulira kuti amunyamule pamene iye akuthamangira minibasi. Analira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka.

Thireyi inafika pamzere wawo. Sisita Phoebe anatenga, n'kuigwira pamaso pake osaipititsa. Modesta anatambasula dzanja. Anadya kachidutswa ka buledi, ndipo madzi atabwera anamwa. Anali madzi wamba ozizira, koma anawamva akutsika mpaka pamene panali mfundo paja.

Nthawi ya maumboni itakwana, anthu ankaimirira mmodzimmodzi kunena zimene Mulungu wawachitira. Modesta sankakonda kulankhula pagulu. Anangozindikira waimirira.

"Abale ndi alongo, ine ndilibe mawu ambiri. Mchimwene wanga Lonjezo ali ku Gulupu, akudwala kwambiri. Ndikupempha kuti kusala kwanu kwa lero mumuikemo. Achire. Achire msanga, ngakhale lero lomwe. Zimene zidzandichitikire ine pambuyo pake, Atate akudziwa. Ndikudziwa kuti amandidziwa dzina, ngakhale ena anditchule lina."

Anamaliza m'dzina la Yesu Khristu, onse n'kuvomera ameni. Atakhala pansi anamva kupepuka kumene anali asanakumvepo chiyambire. Mantha analipo ndithu, sanathawe, koma anali atasuntha n'kumusiyira malo opumira. Nyimbo yotsekera anaiimba mokweza mpaka mkulu wa ku Bangwe uja anatembenuka kumuyang'ana.

Lachitatu masana, Modesta akuchapa kuseri, anamva nthungululu kumsewu. Anathamanga thovu lili m'manja. Anjelina ankatsika njira ya pakati pa nyumba, Lonjezo ali kumsana, mutu uli dzuu, akulozaloza nkhuku. Anali wowonda, pamkono pali pulasitala, koma maso anali ake enieni.

"Wachira! Ambuye, wachira!" anafuula Modesta akudumpha ngati kamwana.

Amayi a pamdadada anatembenuka onse kumuyang'ana iye. Wina anakoka mwana wake n'kumulowetsa m'nyumba. Wina ananena mosabisa n'komwe, "Mwaona? Wamumasula." Chitseko cha Mayi Mwantumu chinali chotseka.

Madzulo a Ambrosi anamuitanira kuseri kwa bafa, kumene kunali milu ya matabwa awo. Sanamuyang'ane kumaso. Ankakanda m'mutu ngati muli nsabwe.

"Modesta, mawa m'mawa ndikuperekeza kudepoti ya Wenela."

"Malume! Munati ndikamwa ndikhala."

"Ndinatero."

"Ndinamwa, Malume. Pamaso pa anthu onse ndinamwa."

"Unamwa. Koma ine ndinkayesa kuti ukamwa, anthu atseka pakamwa basi. Sindinkadziwa kuti mwana achiradi."

"Anamuika magazi! Anamubaya kwinini! Inu nomwe munapereka magaziwo, Malume, bala lake ilo pamkono panu."

A Ambrosi anaphimba mkonowo ndi dzanja lina.

"Kwinini anamuyamba kalekale, mwana ali chigonere. Unamwa Lachinayi, Loweruka anatsegula maso. Ine ndine kalipentala, Modesta, za mankhwala sindizidziwa. Ndikudziwa zimene ndaona."

"Ndiye inunso mukukhulupirira kuti ndinamulodza?"

"Usandifunse zimenezo."

"Ndikufunsani, Malume. Ndinu mlongo wa mayi anga. Mukukhulupirira?"

A Ambrosi anatembenukira kumilu ya matabwa ija. Kutsidya kwa mpanda wina ankatsegula wailesi.

"Mwina sunkadziwa. Mwina anakupatsa kumpingo kwanuko iwe osazindikira. Sindikukuda. Koma mayi a Lonjezo anena kuti ukagona muno iwo atenga mwana apite kwawo, ndipo eni nyumba anandiitana dzulo. Ndisankhe bwanji ine?"

"Mayeso ayandikira, Malume. Mundilole milungu yochepa yokha. Ndizigona pakhonde, sindigwiranso ketulo, sindigwiranso mwana."

"Madzi akatayika saoleka." Anakandanso m'mutu. "Koma zikomo pomumasula. Ena sabweza."

Mwa zonse zimene Modesta ananenedwa mwezi umenewo, zikomo ameneyu ndiye anamulasa mpaka m'mafupa.

Kutacha analongedza zovala ndi mabuku m'chikwama cha saka. A Ambrosi anachinyamula n'kutsogola, akuyenda mofulumira kuti asaonane ndi anthu. Anjelina anali pamphasa pakhonde akumwetsa Lonjezo phala. Mwanayo ankameza mwadyera, phala lili mbwee pachibwano, akumenya mphasa ndi chidendene kuti sipuni ifulumire.

Modesta anaima. Chimene anapempha Lamulungu chija chinali pamphasapo, chikudya phala. Mtima unkamuwawa ngati wapsa ndi moto, komabe atadzifunsa ngati akanabweza pempherolo, anapeza kuti ayi.

"Anti, mankhwala amene anakupatsani kuchipatala amalize onse. Musasiyire panjira poona kuti wayamba kusewera."

Lonjezo anamva mawuwo n'kutembenuka. Nkhope yonse inawala, nakweza manja onse awiri.

"Mode! Nyamule!"

Anjelina anataya sipuni. Anasolola chitenje paphewa n'kumufunditsa mwanayo kumutu, kuti maso a mfiti asamugwerenso, namukumbatira zolimba.

"Pita. Wachita kale zako. Pita!"

Modesta anatsika pakhonde n'kutsatira malume ake, misozi ikutsikira m'khosi. Mpaka kukafika pampopi ankamumvabe Lonjezo akuseka kikiki pansi pa chitenje chija, akudikira kuti Mode abwere adzamuvundukule, poyesa kuti ayamba chibisalirano.